Phulusa Lopita ku Lumbadzi

Gomezgani anamuimitsa pakhomo la holo ya tchalitchi ku Handsworth, mapemphero atangotha, anthu akukankhana pa tebulo la tiyi ndi mandasi. Twambilile anali atakoleka kale chikwama paphewa. Masana amenewo anali ndi shifiti ku nyumba yosamalirako okalamba ku Bordesley Green, ndipo mabasi a Lamlungu amabwera mmene afunira.

"Chemwali, Lachinayi uli ofu, eti?"

"Ndili ofu, achimwene. Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndikufuna undiperekeze ku Tipton. Ndikukakumana ndi mainvesita, azungu a ndalama zawo. Nkhani ya fakitale ija yafika pokoma."

Nkhani ya fakitale ija panalibe amene sankaidziwa pa tchalitchipo. Gomezgani anali msuweni wa Twambilile, mwana wa amalume ake, ndipo anali atakhalitsa ku England moti ana ake ukawapatsa moni m'Chichewa ankakuyankha m'Chingerezi. Ndiye amene anakamuchingamira ku eyapoti, n'kumusunga kunyumba kwake mpaka atamupezera chipinda ku Lozells. Chaka chonsecho anali akuuza aliyense kuti akutsegula fakitale ya aluminiyamu ku Lumbadzi, pa malo amene bambo ake anamusiyira m'mbali mwa dambo. Anthu ankamva za mapoto, mabeseni ndi mafelemu a mawindo, n'kumawomba m'manja. Twambilile malowo ankawadziwa bwino. Kutsidya kwa dambo lomwelo kunali nyumba ya mkulu wake Dorica, amene ankamusungira mwana wake Patience, poti viza ya ntchito yake sinkalola kubwera ndi mwana.

"Nanga ine ndikatani kumeneko? Za zitsulo sindizidziwa ine."

"Sukufunika kudziwa kanthu. Akufuna kuona munthu wa komweko, mayi. Ungovala chitenje ndi duku, ukanene kuti anthu kwathu akuidikira ntchitoyi ndi manja awiri. Mawu ochepa basi, kwinako ndimaliza ndine."

Twambilile anafuna kufunsa kuti chitenje m'nyengo yozizira chonchi n'cha chiyani, koma munthu amene anakugoneka m'nyumba mwake ukadali mlendo sakanidwa pakhomo la tchalitchi. Anavomera.

Lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza. Gomezgani anamutenga pa galimoto yake, atavala suti yabuluu ndi nsapato zonyezimira, ndipo njira yonse ankabwereza mawu amene ankafuna kukalankhula. Atadutsa West Bromwich analowa m'misewu ya mipanda yamalata ndi malole oimikidwa mbali zonse. Fakitale imene anafikako inali kuseri kwa mulu wa magalimoto akufa, moyandikana ndi ngalande ya madzi obiriwira. Inali yosungunula aluminiyamu wakale: zitini za zakumwa, zidutswa za mainjini, mafelemu othyokathyoka.

Mainvesitawo anali awiri ndipo anawapeza atafika kale. Wamwamuna, Rowland, anali bambo wamkulu thupi, wofiira nkhope, amene chuma chake anachipeza ndi malole onyamula zinyalala za m'mafakitale. Wamkazi, Ann, anali wochepa thupi, wa magalasi, ndipo ntchito yake inali kusungitsa ndalama za anthu ena m'mabizinesi oti zikaswane. Ann anagwira dzanja la Twambilile ndi manja onse awiri.

"Chovala chanu n'chokongola kwabasi," anatero m'Chingerezi. "Ndingakujambuleni?"

Anamujambula ataima pafupi ndi geti, chitenje chikusuzumira pansi pa jekete lachikasu limene bwana wa pamalopo anawabwereka onse, pamodzi ndi zipewa zolimba. Chipewacho sichinakhale bwino pamwamba pa duku, moti Twambilile ankayenda atachigwirizira.

Bwanayo anayamba kuwaonetsa ng'anjo. Kutentha kwake kunamufika Twambilile kumaso ali patali. Mkati mwake chitsulo chinali chitasanduka madzi owala, ndipo munthu wina atavala ngati wopita kumwezi ankakokolola zoyandama pamwamba ndi chimkombe chachitali, monga umachotsera thovu pa mphika wa nyemba. Zokokololazo zinkagwera m'chibeseni chachitsulo, zikufuka, n'kumasanduka zibuma zotuwa.

"Zimenezo ndiye zimene tadzera," Gomezgani anamunong'oneza. "Amazitcha dirosi. Ndi phulusa la aluminiyamu."

Kenako anawatengera kuseri, ku chishedi chachikulu kumene phulusalo linkaunjikidwa. Mulu wake unali wofika kudenga. Malata ena a dengalo anali atabooka, ndipo mvula inkadontheza pambali pa muluwo. Pamene madzi ankagwera pankatuluka kautsi kochepa.

Fungo linamumenya Twambilile asanafike n'komwe pakhomo. Analidziwa. Ndi fungo limene ankakumana nalo akatsegula chipinda cha nkhalamba imene yagona m'mkodzo usiku wonse, kungoti ili linali lakuthwa kuposa pamenepo, lolowa m'mphuno ngati singano n'kukatulukira m'maso. Misozi inayamba kutsika yokha. Pansi panali matope otuwa, oterera ngati phala la dzulo, ndipo ankayenderera pang'onopang'ono kulowera mu kangalande. Udzu wa m'mbali mwa kangalandeko unali utapserera. Njiwa yakufa inali itakanirira m'matopemo, nthenga zitamatana. M'mphepete mwa chitenje chake munali mutayamba kale kutuwa.

Anyamata awiri amene ankagwira ntchito m'menemo anali atavala zotchinga kumaso zokhala ndi timabotolo m'mbali. Alendowo sanapatsidwe.

Rowland sanaoneke kuti fungolo likumuvuta. Anavala magolovesi, n'kutola chibuma chimodzi, n'kuchitembenuza kuti chione kuwala.

"Taonani timadontho tonyezimirato," anatero. "Chimenecho ndi chitsulo chenicheni chimene chinatsalira. Anthu akaona mulu uwu amaona zinyalala. Ine ndimaona malonda odya kawiri. Eni fakitale amakulipira kuti uwachotsere, iwe n'kukatolamo chitsulo n'kugulitsanso. Ndi bizinesi iti ina imene katundu wake amabwera ndi ndalama m'thumba?"

Ann anali atatseka mphuno ndi mpango. "Chitsulocho ndi gawo laling'ono chabe," anayankha. "Chochuluka ndi mchere ndi fumbi. Ndinayenderapo mafakitale ena amene amatsuka zonsezi m'matanki otseka, mchere n'kuubweza ku ng'anjo, fumbi n'kugulitsa kwa opanga simenti. Amagwira ntchito yaukhondo, koma kumanga kwake n'kodula, ndipo phindu lake umalidikira mpaka imvi. Anthu amene ndimawasungira ndalama sakonda kudikira. N'chifukwa chake ndabwera kudzamva za njira yotchipayi."

Akubwerera, Twambilile anakoka mkono wa jekete la msuweni wake.

"Achimwene, mapoto aja mupanga ndi zimenezi?"

"Mapoto abwera pambuyo. Choyamba tiyambe tapeza mphamvu."

"Ndiye ku Lumbadzi kukupita chiyani?"

"Tikambirana kunyumba. Konza dukulo, lapendekeka."

Msonkhano unachitikira mu kontena imene anaisandutsa ofesi. Mawindo ake anali otuwa ndi fumbi. Patebulo panali mbale ya masangweji a mazira, makapu a tiyi, jagi ya madzi, ndi botolo lagalasi lodzadza theka ndi phulusa lija, loperapera, loti alendo aone pafupi. Rowland anavula magolovesi n'kuyamba kudya osasamba m'manja.

Gomezgani anayatsa kompyuta yake n'kuonetsa zithunzi pakhoma. Choyamba chinali cha malo aja. Twambilile anazindikira mtengo wa mkuyu wa pangodya, ndi kanjira kamene ana a sukulu amadutsa powoloka dambo. Chakumbuyo kunkaoneka madimba, ndi denga la nyumba ya Dorica.

Msuweni wakeyo ankalankhula Chingerezi chosalala, chimene sankachigwiritsa ntchito kutchalitchi. Anati phulusalo lidzapakiridwa m'makontena, lidzayenda pa sitima mpaka ku doko, kenako pa malole mpaka ku Lumbadzi. Kumeneko sikudzafunika makina odula. Amuna adzaphwanya zibumazo ndi nyundo, amayi adzasefa ndi masefa a waya, n'kumatola chitsulo ndi manja. Chitsulocho chidzabwerera kuno kudzagulitsidwa.

"Shedi mumanga liti?" anafunsa Ann.

"Chaka chachiwiri. Poyamba tidzangofunditsa mapepala apulasitiki. Kwathu dzuwa ndi lambiri."

"Nanga zotsala mukatolamo chitsulo? Poti ndiye zochuluka."

"Malo alipo okwanira," anatero Gomezgani. "Komanso tili ndi maganizo. Zina tikhoza kukwirira maenje a m'misewu. Zina, mwamva fungo lija? Ndi la amoniya, lomwe lija la mu feteleza. Feteleza kwathu ndi wodula kwambiri. Tikhoza kuthira m'matumba n'kumagulitsa kwa alimi motchipa."

"Alipo anayesapo zimenezo m'munda?" anafunsa Ann.

Rowland anaseka, nyenyeswa za dzira zikugwera pa tayi. "Akayesa ndi iwowo."

Ann sanaseke, koma sanatsutsenso. Analemba kenakake, n'kufunsa za malamulo, poti ankadziwa kuti zinyalala zamtunduwu sizingotumizidwa kunja mwachisawawa.

"Zimatengera dzina limene wazipatsa," anayankha Rowland. "Ukati ndi zinyalala, ndi zinyalala. Ukati ndi katundu wokapangira zinthu ku fakitale, ndi katundu. Zimenezo ndisiyireni ine, ndakalambira momwemo."

"Ndiye anthu oyandikana nawo malowo?" anafunsanso Ann. "Kuno vuto lalikulu ndi limenelo. Fungo likangotuluka, makalata a madandaulo tsiku lomwelo."

Gomezgani anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene analikonzekera.

"Anthu a kwathu sadandauladandaula. Ndi olimba, fumbi analizolowera, ndipo ntchito akuifuna. Koma musamve kwa ine. Ndabwera ndi mayi wochokera pamalo penipenipo. Twambilile, auze."

Twambilile anaimirira. M'kamwa mwake munali mukuwawa ngati watafuna ndalama yachitsulo. Anayang'ana chithunzi chija pakhoma, kenako msuweni wake, ndipo mawu anatuluka m'Chichewa.

"Achimwene, mvula ya Januwale mukuidziwa inu. Madzi onse a pamalo panupo amatsikira kudambo. Anthu amamwa zitsime za m'dambomo. Patience amadutsa pamenepo tsiku lililonse."

Gomezgani anapitiriza kumwetulira, mano onse pamtunda, ndipo anayankha m'Chichewa ndi mawu ofewa ngati akumuyamikira.

"Usandichititse manyazi pamaso pa azungu, wamva? Nena zimene tinagwirizana ukhale pansi."

"Munati mapoto."

"Iwe, pamene unkatsika ndege ndi kachikwama kako kong'ambika, anakulandira ndani?"

Kenako anatembenukira kwa alendo aja. "Akuti amayi a kumudzi ndi othokoza kwambiri. Chingerezi chimamuvuta akakhala ndi chimwemwe."

Ann anagwedeza mutu mokoma mtima. Rowland anatenga sangweji ina.

"Sindinanene zimenezo," anatero Twambilile m'Chingerezi. "Mwana wanga amakhala kuseri kwa mtengo uwo. Kumeneko mvula ikayamba imagwa miyezi, ndipo si yowaza ngati yanuyi."

Anatsegula botolo la phulusa lija, n'kutenga jagi, n'kuthiramo madzi mpaka kukamwa. Phulusalo linachita thovu lotuwa, likulira pang'onopang'ono ngati mafuta pa chiwaya, ndipo posakhalitsa fungo la m'shedi lija linadzadza kontena yonse. Ann anayamba kutsokomola. Gomezgani anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

Twambilile ankaganiza kuti azunguwo adzidzimuka. Rowland anangodzuka bwinobwino, n'kukankha windo, n'kutenga botololo kukaliika panja pa sitepe. Atabwerera anakhala pampando wake, n'kutola sangweji yake pamene anaisiya.

"Tikudziwa, mayi," anatero akutafuna. "Tonse m'chipinda muno tikudziwa chimene chimachitika likanyowa. N'chifukwa chake likupita kumeneko, osakhala kuno."

Ann anapukuta magalasi ake, n'kuyang'ana Twambilile nthawi yaitali. Twambilile anaganiza kuti mwina mayiyu, poti ndi mayi, afunsa za mwana uja.

"Abale anu kumeneko ali ndi mafoni ojambula?" anafunsa Ann.

"Aliyense ali nayo."

"Ndipo amaika zinthu pa intaneti?"

"Amaika."

Ann anatseka kabuku kake. "Vuto langa ndi limenelo, Rowland. Kavidiyo kamodzi ka mwana akutsokomola pafupi ndi mulu umenewu, dzina la kampani yathu lili pa kontena, ndiye kuti ine ntchito yatha. Mukanandiuza kuti malowo ali kutali ndi anthu, kapena kuti dzina lathu silidzaoneka paliponse, bwenzi tikukambirana zina. Chitsulocho ndikuchifuna, koma osati ndi chiopsezo chotere."

"Zimenezo zimakonzeka," anatero Rowland. Anatembenukira kwa Twambilile, akunyambita chala. "Kosamalira okalambako amakulipirani bwino? Sindikukhulupirira. Ife tikufunika munthu ngati inuyo, wolimba mtima, woti azikalankhula ndi anthu kumeneko, kuwakhazika mtima pansi. Mwana wanuyo mukhoza kumusamutsira kutauni, kusukulu yabwino. Taganizirani."

Twambilile anavula chipewa cholimba chija n'kuchisiya patebulo, n'kutuluka. Anangofika pa kangalande ka kuseri kwa kontena n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Atawerama choncho anaona kuti nsapato zake ndi m'munsi mwa chitenje zinali zitamata matope otuwa aja, ndipo anasanzanso.

Gomezgani anatuluka patapita kanthawi. Sanamuyang'ane. Analowa m'galimoto yake, n'kuiliza, n'kudutsa pafupi naye mpaka madzi a m'msewu kumuthovukira. Twambilile anasiya jekete lachikasu pa geti, n'kuyenda wapansi kukafuna basi. M'basimo mayi wina amene anakhala naye pafupi ananunkhiza kawiri, n'kusamukira kumpando wina. Atafika ku Lozells anavula chitenjecho ali pakhonde, n'kuchikulunga m'jumbo pamodzi ndi nsapato, n'kuponya m'bini ya panja.

Anasamba nthawi yaitali, kenako anaimbira Dorica. Kunja kunali kusanade. Foni inangoitana kamodzi.

"Ndamva kale," anatero Dorica, osapereka n'komwe moni. "A Gomezgani aimba. Akuti wawathira madzi azungu."

"Sindinathire munthu madzi, asisi. Ndimvereni kaye. Si fakitale ya mapoto imene ikubwera kumeneko. Ndi zinyalala, phulusa lonunkha loti likanyowa limatulutsa mpweya wowotcha m'maso. Ndaliona ndi maso anga. Udzu umapserera. Akufuna kuliunjika pamtunda pa dambo."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Madimba anu, zitsime, ana."

"Alamu ako a Ronald analonjezedwa ukapitawo pamenepo. Ukudziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji osagwira ntchito? Amayi a m'dera lino analembetsa kale mayina. Amuna asenga tchire lonse lija, azula zitsa, osalandira kanthu, podikira makontena. Lero ndiwauze kuti chiyani? Kuti mng'ono wanga wa ku UK fungo silinamusangalatse?"

"Asisi, zimenezi zidwalitsa anthu."

"Iwe umapukuta matako a nkhalamba za azungu tsiku ndi tsiku, ndipo sitinakumvepo ukudandaula za fungo, poti kumapeto kwa mwezi umalandira. Ife tikafuna kugwira yathu yonunkha, ndiye wayamba ukhondo? Uli kumeneko ukudya, usatitsekere ife pakamwa."

Twambilile anakhala pa bedi. Mawuwo anamulowa ngati fungo lija.

"Ndipatseniko Patience ndimulankhule."

"Wapita kudimba," anatero Dorica, n'kudula foni.

Lamlungu lotsatira kutchalitchi anthu anamupatsa moni wa m'mphepete. Nkhani inali itafika kale, ndipo inali itasintha maonekedwe panjira. Ena ankati anatukwana azungu, ena ankati anapempha kuti amupatse gawo m'kampanimo ndipo atamukana anapsa mtima. Pa tebulo la tiyi, Jacqueline, mkazi wa mmodzi wa akulu a mpingo, anamukokera pambali.

"Mwana wanga, ngakhale panali zolakwika, ukanadikira mufike kunyumba. Munthu wathu mmodzi akati atukuke, timamugwetsa ndife tomwe. Azungu aja atiwona bwanji?"

"Amayi, mukudziwa zimene amafuna kutumiza kumudzi?"

"Za bizinesi ine sindilowerera," anatero Jacqueline, n'kubwerera kukagawa mandasi.

Twambilile anasiya kapu yake ya tiyi osamwa. Sabata yotsatira anapempha kuti azimuika pa shifiti ya Lamlungu m'mawa. Tsiku lina ali pa nthawi yopuma anafufuza nambala ya ofesi ya boma yoona za zinyalala, n'kuimba. Mayi amene anayankha anamumvetsera mwaulemu, anafunsa dzina la malo ndi la Rowland, n'kunena kuti azipereka kwa oyenera. Twambilile sanadziwe ngati zinapita patali.

Gomezgani anakumana naye patapita miyezi, kunja kwa shopu ya zakudya za ku Africa pa Soho Road. Anali atanyamula thumba la ufa, ndipo suti ija sanavale. Twambilile anafuna kumulambalala, koma iye anaima kutsogolo kwake.

"Wasangalala tsopano?" anatero. "Ann anachoka tsiku lomwe lija. Rowland anandisunga m'malere mpaka Khirisimasi, kenako anasiya kuyankha mafoni anga. Ndamva kuti anapeza munthu wina, wa dziko lina, amene alibe achibale a pakamwa. Makontena oyamba ananyamuka kale."

"Apita kuti?"

"Ndidziwa bwanji? Ndipo iwe zikukukhudza chiyani? Si kwanu."

"Kumenekonso kuli anthu, achimwene."

"Anthu ali paliponse. Phulusa lija limayenera kupita kwinakwake basi, ndipo wina adyapo. Ukanakhala chete, wodyayo akanakhala wa m'banja mwako. Wapulumutsa chiyani? Dambo?" Anasamutsira thumba la ufa kudzanja lina. "Komabe ndife abale. Loweruka kunyumba kuli phwando la mwana wanga Amara, wakhoza mayeso. Ubwere, anthu asamati tinadana."

Anatambasula dzanja. Twambilile analiyang'ana dzanjalo, loyera bwino, la mphete yaukwati, ndipo anakumbukira mmene linkalozera denga la nyumba ya Dorica pakhoma la kontena ija.

"Amara mumuuze kuti ndamunyadira," anatero. "Koma kunyumba kwanu sindibwera."

Analowa m'shopumo osagwira dzanjalo.

Dorica anakhala osamuimbira nyengo yonse ya mvula. Twambilile ankamva za mwana wake kudzera kwa mphunzitsi wina woyandikana nawo nyumba, amene ankamupatsa Patience foni mobisa akaweruka kusukulu. Ndiye tsiku lina masana, Twambilile akudikira basi ku Bordesley Green, foni inalira, ndipo anali Dorica. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za kuzizira, ananena za maliro a kumpingo kwawo. Za fakitale sanatchule. Pomaliza anati Ronald, ataona kuti makontena sakubwera ndipo malo aja ndi osengasenga kale, anabzalapo chimanga pamodzi ndi amuna anzake aja, ndipo chinachita bwino poti nthakayo inali itagona zaka zambiri.

"Ndiye mukolola?" anafunsa Twambilile.

"Tikolola, koma msuweni wakoyo wamva," anatero Dorica. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Watumiza uthenga dzulo. Akuti malowo ndi ake, ndiye theka la chimangacho tikamusungire, adzauza munthu woti adzagulitse. Anthu anamuzulira zitsa ulere, iye osatumiza ngakhale mbewu."

Basi inafika, zitseko n'kutseguka. Twambilile anakwera foni ili kukhutu.

"Ndiye a Ronald akuti bwanji?"

"Akuti abwere adzakolole yekha. Dikira, Patience ali pompano, akulimbirana foni."